MAU A M'CIFUWA NDI MAU A M'MUTU: MBIRI YA MAYIMBIDWE ATHU KUNO KU NCHEU

Pali nkhani imodzi imene isautsa mipingo yambiri ya dziko lino la Ncheu. Anthu aikamba panjira pocokera ku mapemphero, koma m'bwalo la akulu a mpingo siimveka kawirikawiri. Woyimbitsa ayambitsa nyimbo, anthu onse naimirira ndi mabuku m'manja; mzere woyamba uyenda bwino, koma pofika pamene nyimbo ikwera, amai acikulire aleka, abambo atsikira pansi nang'ung'udza, natsala ana a kwaya okha. Akulu adandaula kuti ana a makono ayimba ndi timau ta udzudzu. Ana nao aseka, nati agogo akuwa monga oingitsa anyani kumunda. Potero nyimbo imene inayenera kulunzanitsa mpingo iugawa pawiri.

Mlandu uwu sungathe tisanadziwe magwero ace. Munthu ali yense ali nao mau a mitundu iwiri. Wowerenga ayese yekha: aike dzanja pa cifuwa, napereke moni monga acita kwa mnansi wace, adzamva cifuwa cirikunthunthumira pansi pa dzanja. Tsono aitane ndi kamau kakang'ono kokwera, monga aitana munthu ali tsidya lija la dambo. Kunthunthumira kuja kudzacoka pa cifuwa, ndipo adzamva ngati mau alikulira m'mphuno ndi pamphumi. Oyambawo aphunzitsi a nyimbo awachula mau a m'cifuwa, aciwiriwo mau a m'mutu. Tifuna kulongosola umo mau awiriwa anakhalira pakati pathu kuyambira masiku a makolo, ndi cimene cinawadanitsa.

MASIKU A MAKOLO

Angoni a kwa Maseko anacoka kumwera m'zaka za m'ma 1820, naoloka Zambezi, nayenda kufikira ku Songea, m'dziko limene lero lichedwa Tanzania. Pambuyo pace anabwerera ndi Cidyaonga, nakhala pa phiri la Domwe ca m'ma 1870. Cikuse analowa ufumu, ndipo atamwalira iye mu 1891 analowa mwana wace Gomani, amene Azungu a boma anamupha mu 1896. Pa ulendo wonsewo ndi pa kukhala kwao kuno anataya zambiri. Ngakhale cinenero cao cinamira m'Cinyanja ca anthu amene anakhala nao ndi kukwatirana nao. Koma nyimbo sanataye, ndipo kufikira lero mau a Cingoni amveka pa ngoma, m'kamwa mwa anthu amene sangathe kupempha madzi akumwa m'Cingonico.

Ngoma ndiyo sukulu imene amuna a kuno anaphunzira kuyimba. Iyimbidwa pabwalo, popanda denga kapena khoma lobweza mau. Amuna aponda pansi ndi mphamvu, zishango ndi zibonga ziri m'manja, ndipo nyimbo iyenera kumveka pamwamba pa mgugu wa mapazi. Mau oyenera pamenepo ndiwo a m'cifuwa, olemera ndi otambalala. Akazi nao, pa msindo, pa cinamwali, pamtondo ndi pa maliro, anayimba ndi mau omwe alankhula nao, nawakweza ndi mphamvu ya mpweya.

Koma asanene munthu kuti makolo sanadziwe mau a m'mutu. Nthungululu ya mai pakubwera mwana wace ku ulendo icokera kuti? Nanga kamau koguguza nako khanda usiku, kapena mfuu ya abusa a ng'ombe poitanizana pa mapiri a Tsangano? Ngakhale a ku dambwe adziwa kale kucepsa mau ao kuti asazindikirike. Mau onse awiri anali pano amishoni asanafike. Kungoti ali onse anali ndi nchito yace ndi nthawi yace.

Zinthu zitatu zinasunga khosi la woyimba wakale. Coyamba, panalibe lamulo la poyambira nyimbo: wotsogolera anaiyamba pamene khosi lace linakhazikika, ndipo akaona kuti yakwera, anaitsitsa pobwereza. Caciwiri, nyimbo zambiri za makolo ziyamba pamwamba nizitsika, monga madzi a m'phiri, cotero munthu akomana napo pokwera mpweya uli wodzala m'mapapu. Cacitatu, wotsogolera ndi ovomera alandirizana, wina napuma pamene mnzace ayimba.

KUDZA KWA NYIMBO ZA M'BUKU

Mu 1887 a Mishoni ya Livingstonia anatsegula malo ao m'cigwa ca Livlezi, ndipo Dr George Henry anagwira nchito kumeneko. Patapita zaka zowerengeka malowo anaperekedwa kwa a Dutch Reformed Church, amene anayamba ku Mvera mu 1889. Iwowa anakwera kumapiri namanga Mlanda mu 1902. M'zaka zomwezo a Zambezi Industrial Mission anakhala ku Ntonda, ku Ciole ndi ku Dombole, a Baptist ku Gowa, ndipo mu 1901 ansembe a Montfort anafika ku Nzama. Onsewa anasiyana ziphunzitso, koma onse anadza ndi nyimbo zopangidwa ku Ulaya, zoyenera makosi ozolowera mayimbidwe a kumeneko ndi nyumba zamiyala zimene zithandiza mau ang'ono kumveka patali.

M'masukulu a m'midzi a mishoni zacipulotesitanti mphunzitsi anali ndi nchito zitatu zazikulu: kuwerengetsa, kuphunzitsa Mau a Mulungu, ndi kuyimbitsa. Ku sukulu ya aphunzitsi anaphunzira solofa, ndiyo njira ya do, re, mi. Nabwera naco cikalata ca masitepe a nyimbo, nacipacika pakhoma, naloza ndi kamtengo, ana nayimba kukwera ndi kutsika. Mu 1916 amishoni a mipingo ingapo anagwirizana, natulutsa buku la Nyimbo za Mulungu. Pamenepo anthu anazolowera mau anai: sopulano ndi alto, tenala ndi besi. Ndi zokoma ndithu, ndipo palibe Mkristu wa kuno amene angafune kuti zitayike.

Koma nyimbo ya m'buku isiyana ndi ya makolo pa zinthu zitatu zija. Poyambira pace panalembedwa pamwamba pa tsamba, ndipo pamene panali limba, limbalo silinadziwe kutsitsa. Nyimbo zambiri ziyamba pansi nizikwera pakati kapena ca kumapeto kwa ndime, mpweya utayamba kutha. Ndipo onse ayimba pamodzi kuyambira ndime yoyamba kufikira yotsiriza, wosapumitsa mnzace. Ana a sukulu, pokhala ndi makosi anthete, anaphunzira msanga kuyimba ndi mau a m'mutu. Akulu amene analowa m'kalasi ali ndi imvi anadza ndi mau a pa ngoma ndi a pamtondo. Tsono kunabuka maganizo oipa awiri: ena anayesa mau a m'cifuwa acikunja ndi aumbuli, ena anayesa mau a m'mutu acizungu, ndi ocititsa manyazi munthu wamwamuna. Maganizo amenewa sanathe konse.

AZUNGU NAO ANATSUTSANA

Ayesa kuti ku Ulaya kuli mayimbidwe amodzi okha ciyambire, alakwa. Maina awa a cifuwa ndi mutu ndi akale: m'zaka za m'ma 1200 mmonke wina wokhala ku Paris, Jerome wa ku Moravia, analemba za mau a m'cifuwa, a pakhosi ndi a m'mutu. Zaka mazana ambiri amuna oyimba tenala anafika pa masitepe apamwamba ndi mau a m'mutu, ndipo palibe anawanyoza. Koma mu 1837, mu mzinda womwewo wa Paris, woyimba wina dzina lace Gilbert Duprez anakweza mau amphamvu onga a m'cifuwa kufikira pamwamba penipeni, m'sewero la nyimbo la Rossini lochedwa Guillaume Tell. Khamu linakondwa kwambiri. Koma mbiri imveka kuti mwini nyimboyo sanakondwe, nafanizira mauwo ndi kulira kwa tambala pomudula khosi. Taonani, mlandu wa agogo ndi ana a kwaya unali komweko, koma wotembenuka: kumeneko acikulire ndiwo anakonda mau a m'mutu.

Solofa nayo iri ndi mbiri yoyenera kuidziwa. Anaiyamba ndiye Sarah Glover wa ku Norwich, ku England, pophunzitsa ana. Ndipo buku lace la mu 1835 analilemba ndi colinga cakuti mpingo wonse uziyimba masalmo, si akatswiri okha ai. Mbusa John Curwen anatenga njirayo kuyambira mu 1841, naikonza, naifalitsa m'masukulu a Sande, ndipo amishoni anaitengera ku maiko onse. Nzeru yace yaikulu ndi iyi, kuti do alibe mudzi. Munthu akhoza kuika do pamwamba kapena pansi, nyimbo nikhala yomweyo. Cotero woyimbitsa amene akaniza kutsitsa nyimbo, nati atero posunga solofa, atsutsana ndi eni ace a solofayo.

CIMENE CICITIKA M'KHOLINGO

Coonadi cace n'cakuti mau sacokera m'cifuwa kapena m'mutu. Kumeneko tingomva kunthunthumira kwace. Onse abadwira m'kholingo, kumbuyo kwa kafupa kaja kaoneka pakhosi pa amuna. M'menemo muli timilomo tiwiri ta mnofu, ndipo mpweya wocokera m'mapapu popita pakati pace utitsegula ndi kutitseka mofulumira. Mu 1741 sing'anga wa ku France, Antoine Ferrein, anayesa makholingo a zakufa powauzira mpweya, nafanizira timilomoto ndi nsambo za zeze. Koma woyamba kuchuka pa kutipenya tirikugwira nchito mwa munthu wamoyo woyimba ndiye Manuel García, mphunzitsi wa nyimbo wa mtundu wa ku Spain. Mu 1854 anatenga kagalasi ka okonza mano, nakaika kummero kwace, naunikira ndi dzuwa pa galasi lina, napenya kholingo lace lomwe. Ndipo mu 1855 zimene anaona zinawerengedwa pamaso pa anzeru a Royal Society ku London.

Ofufuza a pambuyo pace anapeza izi. Timilomo ta mwamuna wamkulu titalika mamilimita 17 kufikira 25, ta mkazi 12 kufikira 17. Polankhula, ta mwamuna titseguka ndi kutsekeka ngati ka 120 pa sekondi imodzi, ta mkazi kopitirira 200. Pali minofu ya magulu awiri yotilamulira. Gulu loyamba liri m'kati mwa timilomo momwe. Likagwira litifupikitsa ndi kutinenepetsa, nitigundana ndi thupi lonse: amenewo ndiwo mau a m'cifuwa. Gulu laciwiri liri kunja. Likagwira lipendeketsa kafupa kaja, nilititambasula kuti tikhale tatitali ndi topyapyala, nitigundana m'mphepete mokha: amenewo ndiwo mau a m'mutu. Woyimba bangwe adziwa zimenezi ndi zala zace, kuti nsambo yolefuka ilira pansi, yokungika ilira pamwamba. Mlengi anaika m'khosi limodzi nsambo yokhoza kukhala zonse ziwiri.

DOOKO

Pakati pa mau awiriwa pali malo pamene gulu lina la minofu lipatsira linzace nchito. Tiwachule dooko, pakuti monga pa Livlezi m'dzinja, wodziwa dooko aoloka bwino, wosalidziwa atengedwa ndi madzi. Pamenepo mau a munthu wosaphunzira athyoka, kapena agwedezeka, kapena azimirira. Codabwitsa n'cakuti dooko la amuna ndi la akazi liri pafupifupi pamodzimodzi, pamene timilomo tigunda ka 300 kufikira 350 pa sekondi. Munthu ndi munthu asiyana pang'ono.

Apa ndipo pagona mlandu wonse. Mwamuna poyimba nyimbo ya m'buku ayenda pansi, nakomana nalo dooko pansonga peni peni pa nyimbo; akapanda kudziwa kuoloka, akuwa, kapena athawira ku besi. Koma mkazi ayimba nyimbo yomweyo pamwamba pa mwamuna ndi mtunda wa do kufika do wina, cotero akomana nalo dooko poyamba pomwe, ndipo nyimbo yotsala yonse iri tsidya lija. Nsonga ya nyimbo zambiri ifuna kuti timilomo tace tigunde ngati ka 600 kapena kupitirira. Mai wozolowera mau a m'cifuwa asenza mauwo kukwera nao phiri lonselo. Afika pena, khosi niliwawa, naleka. Sanaleke cifukwa ca ulesi kapena kuzirala kwa mtima. Waleka cifukwa nyimbo yaikidwa pamene mau ace ozolowereka safika. Mtsikana wa kwaya naye ali ndi cosowa cace: akatsika kunsi kwa dooko ndi mau a m'mutu okha, mau ace asanduka mpweya, wa pa benci lakumbuyo wosamumva.

UMO MPINGO UNAFUNIRA NJIRA

Abale athu Angoni a kumpoto, kwa M'mbelwa, anayamba kale kucepsa mlanduwu. M'masiku a mbusa Donald Fraser, amene anakhala ku Loudon, Akristu monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole anaika mau a Uthenga Wabwino pa mayimbidwe a Cingoni, a wotsogolera ndi ovomera. Nyimbozo zinalowa m'buku la Sumu za Ukristu, ndipo zina zinaoloka nyanja nizilowa m'mabuku a nyimbo a ku Scotland. Kuno kwa Gomani, m'masiku a Inkosi Philip Gomani, mai wophunzira Margaret Read anakhala pakati pa Angoni nalemba mau a nyimbo zao, nazisindikiza mu 1937. Ndipo Hugh Tracey anayenda m'dziko la Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958 ndi makina otola mau. Alendo anaona mtengo wa cuma cimene eni ace ena anayamba kucita naco manyazi.

Koma amene anabwezera mau a m'cifuwa m'nyumba ya Mulungu kwenikweni ndiwo amai. Cigwirizano ca amai a mpingo wa Nkhoma cinayamba mu 1940, ndipo magulu otere anabuka m'mipingo inanso. Posonkhana paokha, ndi pocezera pa maliro, panalibe limba kapena mphunzitsi woloza cikalata. Mai mmodzi anayambitsa pamene khosi lace linakhazikika, anzace navomera, ndipo nyimbo za m'buku zomwezo zinatsika nizilemera. Kwa Akatolika khomo linatseguka ndi Msonkhano waciwiri wa ku Vatican, wa mu 1962 kufikira 1965, umene unalola zinenero ndi mayimbidwe a eni dziko pa Misa. Masiku ano kwadza kiyibodi ndi zokuzira mau. Zikhoza kuthandiza, pakuti kiyibodi iri ndi kabatani kotsitsira nyimbo yonse, cimene limba lakale linalibe. Koma zikhozanso kubweza vuto lakale, woimba kiyibodi akadziwa kiyi imodzi yokha, kapena zokuzira mau zikamiza mpingo wonse.

ZIMENE MBIRI IYI ITIPHUNZITSA

Kwa oyimbitsa tinena: musanayambitse nyimbo, funani m'mtima sitepe lace lapamwamba koposa, ndi lapansi koposa, ndipo muike do pamene munthu wamba afika konse kuwiri. Kawirikawiri kutsitsa ndi sitepe limodzi kapena awiri kukwanira. Kumbukiraninso kuti m'mawa, makamaka m'cisanu ca June ndi July ku Mlanda, ku Lizulu ndi ku Tsangano, makosi acedwa kumasuka. Nyimbo yoyamba ikhale yofatsa.

Kwa ofuna kuphunzira dooko: musaliolokere ndi mphamvu. Yambani ndi mau ang'ono pa lemba la u, kucokera pamwamba, nimutsetsereke pang'ono pang'ono kufikira pansi, osadukiza. Mubwerezenso kukwera, nimucepse mphamvu pamene mulikukwera. Citani tero kanthawi kocepa tsiku ndi tsiku. Poyamba mau adzathyoka, anzanu nadzaseka. Koma minofu iphunzira monga dzanja liphunzira kulemba, ndipo m'kupita kwa miyezi mudzapeza mau apakati, osanganiza kulemera kwa cifuwa ndi kupepuka kwa mutu. Mwamuna asacite manyazi ndi kamau kakang'ono, pakuti tenala wabwino sakhala popanda iko. Mtsikana asanyoze mau a amace, pakuti alto yabwino ikhala pomwepo.

Kwa onse ticenjeza za kukakamiza khosi. Akale anati ng'oma yolirisa siicedwa kung'ambika. Timilomo togundana mwa nkhanza masiku ambiri timera zikang'a monga manja a wolima, mau nasasa osacira. Pocezera pa maliro landirizanani nyimbo, khalani patali ndi utsi wa moto, imwani madzi; fodya ndi kacasu ziumitsa ndi kuononga kholingo. Mau akasasa kopitirira milungu 3, pitani ku cipatala, pakuti nthawi zina kusasa kotere ndiko cizindikiro ca nthenda yaikulu. Ndipo anyamata a zaka 12 kufikira 15, amene kholingo lao lirikukula, mau natsika ngati mtunda wa do kufika do wapansi, musawaseke kapena kuwacotsa m'kwaya. Apatseni malo pamene afika popanda kuwawa, ndi kuwasuntha pamene mau asuntha.

Nyimbo imodzi sacezera gule, ndipo mau a mtundu umodzi sakwanira mpingo. Makolo anatisiyira mau a m'cifuwa ndi ufulu wa kuyambitsa nyimbo pamene khosi lilola. Sukulu inatipatsa mau anai ndi luso la kukwera mofatsa. Zonsezi ndi zathu tsopano, ndipo palibe cacikunja kapena cacilendo m'khosi limene Mulungu analiumba. Cifukwa cace tipempha akulu a mpingo kuti aike nkhaniyi m'bwalo lao, naitane woyimbitsa, wa kiyibodi, ndi amai awiri kapena atatu acikulire, nayese pamodzi nyimbo zimene mpingo uzikonda, nalembe m'buku la woyimbitsa do woyenera nyimbo iri yonse. Nchitoyi ndi ya madzulo amodzi, ndipo siifuna ndalama. Muyeso wa woyimbitsa wabwino ukhale kucuruka kwa anthu amene afika naye ku ndime yotsiriza ali ciyimbire.